Mayina ophatikiza a Chifalansa: s wochulukitsa amakhala pati?

WaKamwendo analemba:

Moni nonse. Ndine dalaivala wa thiraki, kwathu ndi kwa Kamwendo ku Mchinji kuno. Chino ndi chaka chachitatu ndikunyamula katundu kupita naye ku Lubumbashi. Timatulukira pa Mwami, n'kudutsa Chipata, Lusaka, Kapiri Mposhi, mpaka kukawolokera pa Kasumbalesa. Chiswahili ndimachiyankhulako ndipo pamsika sindigona ndi njala, koma mapepala onse kumeneko ndi a Chifalansa, zikwangwani za pamsewu ndi za m'masitolo chimodzimodzi. Ndiye chaka chatha ndinagula kadikishonale ndi kope, ndipo ndimadziphunzitsa ndekha m'kabini usiku tikamadikira kuwoloka.

Chandibweretsa pano ndi ichi. Mu Febuluwale mvula inatipeza titangowoloka, waipa ya mbali yanga n'kuthyoka. Ndinayenda pang'onopang'ono, mutu uli pawindo, mpaka kulowa m'tauni malaya onse atanyowa. Kusitolo ya zipangizo ndinangotenga yothyokayo n'kuiyika patebulo. Mnyamata wogulitsa anati essuie-glace, ndipo analemba choncho pa lisiti. Usiku ndinatsegula dikishonale kufuna mawu oti essuie paokha, osawapeza. Patapita masiku m'pamene ndinazindikira kuti achokera ku essuyer, kupukuta, ndipo glace ndi galasi. Ndiye kuti chinthucho dzina lake ndi chopukutagalasi basi. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, chifukwa ndinaona kuti mayinawa amamveka ukawaswa pakati.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutolera mayina otere kumapeto kwa kope: pare-brise, pare-chocs, tournevis, laissez-passer, station-service, roue de secours, boîte de vitesses, permis de conduire, poids lourd. Koma kope likamadzaza mafunso nawo akuchuluka. Ena ali ndi kamzere pakati, ena ndi omatana ngati tournevis, ena angokhala motalikirana. Bampala ndi imodzi koma pare-chocs ali ndi s kumapeto, pamene pare-brise alibe. Ndikafuna mawaipa awiri, s ndiike pa essuie kapena pa glace kapena ponse? Komanso dikishonale ikuti glace ndi lachikazi, la glace, koma mnyamata uja anati un essuie-glace. Kodi analakwitsa ndi iye kapena pali lamulo?

Ulendo wa mwezi wamawa ndikufuna ndilembe ndekha mndandanda wa zipangizo zoti agaraja kumeneko andipezere, osatumanso munthu wondilembera. Amene mukudziwa ndithandizeni.

MphunzitsiKU anayankha:

Achimwene a kwa Kamwendo, mwafunsa bwino, ndipo mnyamata uja sanalakwitse. Ine ndimaphunzitsa Chifalansa kusekondale kuno ku Kasungu, ndipo mutu umenewu ndi umene ndimaukonda kuposa yonse, chifukwa ndi pamene ana amadabwa kuti chiyankhulo chawo chomwe chiwathandiza.

Pempho langa loyamba ndi lakuti mukamalimbana ndi mayinawa musadzere ku Chingerezi. Dzerani ku Chichewa. Mngerezi amayamba ndi mawu ofotokoza, chinthu chenichenicho n'kubwera kumapeto. Mfalansa amachita ngati ife: amatchula chinthucho kaye, kenako n'kunena kuti n'chachiyani. Ife timati njinga yamoto, mwana wasukulu, sitima yapamtunda. Iye amati roue de secours, tayala lothandiza pavuto. Permis de conduire, chilolezo choyendetsera. Chemin de fer, njira yachitsulo, imene ife timati njanji. Kamawu koti de kakugwira ntchito ya wa, ya, la, cha. Mukaona zimenezi funso lanu la s layankhika theka. Timati ana asukulu, osati ana amasukulu. Chimene chachuluka ndi ana. Ndiye des roues de secours, des chemins de fer, des pommes de terre: s akupita pa dzina loyamba lokha. Ndipo loyambalo ndi limene limalamula un kapena une: une roue de secours chifukwa roue ndi lachikazi, un permis de conduire chifukwa permis ndi lachimuna. Pa boîte de vitesses musasokonezeke, s wa vitesses amakhalapo nthawi zonse chifukwa m'giyabokosi imodzi muli magiya angapo. Zikakhala ziwiri muwonjezera s pa boîte: deux boîtes de vitesses.

Tsopano tibwere kwa essuie-glace wanuyo, amene ali mtundu wina, wa mneni ndi dzina. Kwanu ku Mchinji mumalima mpendadzuwa. Taliswani dzinalo: penda, dzuwa. Mneni patsogolo, dzina pambuyo. Mtolankhani, mpalamatabwa, chiphadzuwa, onsewa anamangidwa choncho. Mfalansa mbewu yomweyo amaitcha tournesol, chotembenukira kudzuwa. Sol ameneyu ndi dzuwa la m'Chilatini, osati sol wa lero amene amatanthauza nthaka. Anthu awiri otalikirana chonchi anayang'ana duwa limodzi n'kulitcha mofanana, ndipo ine zimenezi zimandikhudza chaka chilichonse ndikamazilemba pabolodi.

Ndiye taonani mmene timayankhulira. Timati dzuwa langa, koma mpendadzuwa wanga. Timati nkhani yabwera, koma mtolankhani wabwera. Dzina latsopanolo silitengera gulu la dzina limene lili m'mimba mwake, limakhala ndi gulu lakelake. Chifalansa n'chimodzimodzi. Mayina a mneni ndi dzina pafupifupi onse ndi achimuna, ngakhale dzina lamkatilo likhale lachikazi: la glace koma un essuie-glace, la brise koma un pare-brise, la vis koma un tournevis, la boîte koma un ouvre-boîte, chotsegulira zitini. Alipo owerengeka amene amapatuka, monga une garde-robe, koma inu gwirani un ndipo simudzaphonya kawirikawiri.

Mneni m'dzina lotere sasintha. Ife timati atolankhani, tola ali chikhalire. Kwa iwo essuie, pare, porte, ouvre, tourne salandira s. Mawaipa awiri ndi deux essuie-glaces. Zotsegulira matayala, zimene mwina mudzazifuna pamndandanda wanu, ndi des démonte-pneus.

Za pare-chocs ndi pare-brise, kalembedwe kakale kamatsata tanthauzo. Parer ndi kutchinga. Bampala imatchinga kugundidwa kambirimbiri, ndiye chocs ali ndi s ngakhale bampala ili imodzi. Galasi lakutsogolo limatchinga mphepo, ndipo mphepo siwerengeka, ndiye brise alibe s ngakhale magalasi akhale khumi. Un porte-clés ali ndi s chifukwa makiyi amakhala angapo pakaring'i kamodzi. Mukamakayika, dzifunseni kuti chinthuchi chikutchinga, kunyamula kapena kupukuta chimodzi kapena zambiri.

Dzina likaphatikana ndi mfotokozi, onse awiri amalandira s, monga mmene timanenera galimoto yolemera, magalimoto olemera. Thiraki yanuyo ndi un poids lourd, zambiri des poids lourds. Poids ali ndi s wobadwa naye. Un rond-point, des ronds-points. Un coffre-fort, sefa yosungira ndalama, des coffres-forts. Mayina awiri akaima limodzi ngati mapasa, chinthucho chili zonse ziwiri, nawonso amalandira onse: un camion-citerne, thiraki imene ilinso thanki, des camions-citernes. Koma station-service samalani naye. Malo omwetsera mafuta si service, ndi malo a service, pali de wobisika pakati. Ndiye des stations-service. Timbre-poste, sitampa ya pakalata, amayenda njira yomweyo: des timbres-poste.

Laissez-passer ndi aneni awiri, lolani adutse. Palibe dzina m'menemo loti lilandire s, ndiye chikalatacho chikhale chimodzi kapena zikhale makumi awiri, kalembedwe sikasintha.

Latsala funso la kamzere, kamene kusukulu timati mdulamawu, iwo amati trait d'union. Pano ndinene zoona: lamulo lokhazikika palibe. Portefeuille ndi lomatana, porte-clés lili ndi kamzere, pomme de terre alibe kalikonse. Chimene chimachitika n'chakuti mawu akayendera limodzi zaka mazanamazana amayandikana mpaka kumatana. Vinaigre kale anali vin aigre, vinyo wowawasa. Gendarme anachokera ku gens d'armes, anthu azida. Ife tili ndi utawaleza, amene anali uta wa Leza, ndipo lero mwana amalitchula osamva n'komwe kuti muli uta. Mfalansa nayenso anaona uta kumwambako, arc-en-ciel, uta m'thambo, koma lake linaima panjira, lidakali ndi timizere. Ochuluka ndi des arcs-en-ciel. Pa kamzereka dikishonale yanu ndiyo ikhale mboni, ndipo dzina lililonse latsopano mulilembe m'kope momwe mwalionera, pamodzi ndi un kapena une wake.

TelalaWaPaBoma anayankha:

Alamu anga a thiraki, ine ndinabadwira ku Lubumbashi komweko, sukulu yonse ndinaphunzira m'Chifalansa, ndipo ndinakwatiwa kuno ku Mchinji. Ndimasoka pakhonde la sitolo pa boma. Aphunzitsi afotokoza bwino ndipo sindikutsutsa chilichonse, koma ndikufuna ndikupepuzeni mtima mbali ya pakamwa.

S amene mukumudandaulayu samveka. Un essuie-glace ndi des essuie-glaces, kumapeto kwake kumamveka mofanana. Un pare-brise, des pare-brise, chimodzimodzi. Wogulitsa amamvetsera kamawu kakutsogolo, un, une, des, deux, trois. Ndiye polankhula mphamvu zanu ziike pamenepo. S ndi wa papepala. Amene amamveka ndi ochepa ndipo mumawadziwa kale: monsieur ndi messieurs, madame ndi mesdames. Amenewanso ndi ophatikiza, ma dame, mayi wanga, mes dames, amayi anga. Anamatana koma m'kati akusinthabe.

Chimene aphunzitsi sanakhudze, chimene chingakutayitseni ndalama, ndi kusiyana kwa de ndi à. Makina anga ndi une machine à coudre, makina osokera. Simbi yanga ndi un fer à repasser, chitsulo chositira. M'mayina awiriwa à akunena ntchito ya chinthucho. Handibuleki yanu ndi frein à main, buleki ya pamanja, ndipo sipanala yosinthasintha ija ndi clé à molette. Tsopano mvetserani apa: une tasse à thé ndi kapu yomwera tiyi, yopanda kanthu, yogula kusitolo. Une tasse de thé ndi kapu yodzaza tiyi, yoti mumwe. Mukanyamula chimanga, pamapepala padzalembedwa sacs de maïs, matumba odzaza chimanga. M'Chichewa tikati thumba la chimanga zimatha kukhala zonse ziwiri, mpaka titati thumba loyikamo chimanga. Mfalansa amasiyanitsa ndi kamawu kamodzi.

Ndikupatseninso awiri a pamsewu amene sindinawaone pamndandanda wanu. Dzenje la pamsewu ndi un nid-de-poule, chisa cha nkhuku. Taganizani nkhuku ikamafukula pafumbi n'kukhalapo, kadzenje kaja. Ambiri ndi des nids-de-poule, zisa zachuluka koma nkhuku ayi. Hampu ndi un dos-d'âne, msana wa bulu. Mukadzamva mnzanu akukuchenjezani za dos-d'âne kutsogolo, chotsani phazi pa mafuta.

Ine mbali inayo ndinavutika nayo nditangofika kuno. Tsiku loyamba kwa amuna anga kumudzi ndinkafuna kudziwa kuti belle-mère m'Chichewa n'chiyani. Belle ndi wokongola, mère ndi mayi, koma belle-mère si mayi wokongola ayi, ndi apongozi aakazi. Komanso ndi mawu omwewo amene timatchulira mayi wokupeza. Beau-père ndi apongozi aamuna kapena bambo wokupeza. Beau-frère ndi belle-sœur onse kuno ndi alamu. Apongozi anga atamva kuti kwathu dzina lawo limayamba ndi kukongola, anandigwira dzanja n'kundilowetsa kukhitchini, ndipo mpaka pano akandiimbira foni amayamba ndi kuti ndine belle-mère wako. Ndanena izi kuti mudziwe kuti kuswa dzina pakati kumathandiza kulikumbukira, koma si nthawi zonse pamene zidutswazo zimakupatsani tanthauzo lonse. Petit-fils si mwana wamng'ono, ndi mdzukulu wamwamuna. Pomme de terre si apulo, ndi kachewere. Ndiye mukaswa, funsaninso munthu.

Fomu4Santhe anafunsa:

Pepani akuluakulu ndilowereko, ine ndi mwana wasukulu, ndikulemba mayeso chaka chino. Aphunzitsi mwati pare-brise salandira s, koma pa intaneti ndinaona des pare-brises, ndinaonanso un pare-choc wopanda s. M'buku lathu muli des après-midi koma kwina ndinaona des après-midis. Cholondola ndi chiti? Komanso n'chifukwa chiyani timalemba grand-mère osati grande-mère, pamene agogo aakazi ndi achikazi?

MphunzitsiKU anayankha:

Mwana wanga, uli ndi maso, ndipo zonse ziwiri waonazo ndi zolondola. Pa 6 Disembala 1990 ku France kunasindikizidwa, m'nyuzipepala ya boma yotchedwa Journal officiel, makonzedwe a kalembedwe amene Académie française inawavomereza. Bungwe limeneli ndi lija linakhazikitsidwa mu 1635 kuti liziyang'anira chiyankhulochi. Mwa zimene anakonza munali mayina a mneni ndi dzina, komanso a mperekezi ndi dzina. Anati tisiye kudzifunsa ngati mphepo imawerengeka. Chinthu chikakhala chimodzi dzina lachiwiri lisakhale ndi s, zikakhala zambiri lilandire s. Ndiye un pare-choc, des pare-chocs. Un pare-brise, des pare-brises. Un après-midi, des après-midis. Un gratte-ciel, nyumba yokanda thambo, des gratte-ciels. Anamatanso ena: porte-monnaie n'kukhala portemonnaie, ndipo bongololo, mille-pattes, wamiyendo chikwi, n'kukhala millepatte.

Koma sanathetse kalembedwe kakale. Zonse ziwiri zimaloledwa, ndipo mabuku a sukulu ku France komweko anayamba kutsata katsopanoka mokwanira mu 2016, patatha zaka zoposa makumi awiri. N'chifukwa chake ukuona zosakanikirana. Iwe wa mayeso tsata buku limene aphunzitsi ako akugwiritsa ntchito, ndipo m'chimangirizo chimodzi usasakanize. Achimwene a thiraki, kwa inu katsopanoka n'kopepuka, ndipo ndikanakhala inu ndikanatenga kameneko. Ine pandekha ndimakakondabe kakale, chifukwa s wa pare-chocs amandiuza chinachake chokhudza bampala, koma chimenecho ndi chikondi cha mphunzitsi, si lamulo.

Za grand-mère: m'Chifalansa chakale grand sankasintha pakati pa chachimuna ndi chachikazi, monga mmene grandis wa Chilatini analili. Grande anabwera pambuyo, koma m'mayina ochepa omangika kale mawonekedwe akalewo anatsalira. Ochuluka ulemba des grands-mères, ndipo des grand-mères nawonso umawapeza m'madikishonale. Usaiwalenso demi, kutanthauza theka: akakhala patsogolo sasintha, une demi-heure, koma akabwera pambuyo amagwirizana ndi dzina, une heure et demie. Pamenepo ana ambiri amatayapo malikisi.

WaKamwendo anayankha:

Aphunzitsi, alamu a pa boma, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Dzulo ndinali pakhomo, thiraki ili ku Lilongwe akupakira. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope lija, n'kujambula mizere itatu. Mzere woyamba ndinaulemba mpendadzuwa pamwamba, n'kuikamo essuie-glace, pare-brise, tournevis, démonte-pneu. Wachiwiri ndinaulemba mwana wasukulu, n'kuikamo roue de secours, nid-de-poule, frein à main. Wachitatu galimoto yolemera, wa poids lourd ndi rond-point. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 anabwera kudzasuzumira, ndipo atamva za utawaleza anathamangira kwa agogo ake kukafunsa ngati n'zoona kuti muli uta. Agogo anati n'zoona, ndipo anawonjezera ena amene ineyo ndinali nditawaiwala, mthirakuwiri ndi mkhalapakati.

Mndandanda wa agaraja ndaulemba chonchi, mundikonze ngati ndaphonya: deux essuie-glaces, un pare-choc, deux démonte-pneus, trois tournevis, une clé à molette, une roue de secours. Pa tournevis sindinawonjezere kanthu chifukwa vis ali kale ndi s wake, ngati poids uja.

Pali lina ndalipeza pa mapepala a inshuwalansi, semi-remorque, ndipo ndikuganiza kuti semi ayenda ngati demi amene mwauza mwana wa ku Santhe, ndiye ochuluka akhala des semi-remorques. Komanso garde-boue, madigadi, ndaliika mumzere wa mpendadzuwa chifukwa garder ndi kuteteza, boue ndi matope. Alamu, Lachinayi ndidutsa pa boma popita ku Mwami, ndili ndi yunifolomu ya mwanayu yofunika kufutukula. Ndibwera nayo pamodzi ndi kope, mudzandimvere katchulidwe ka essuie, chifukwa lilime likundikanabe pamenepo.